Kodi kuno ku Chigwa cha Shire kuli misonkhano ya anthu ofuna kusiya mowa?

Admin: Abale, uthenga uwu wabwera ku inbox usiku wathawu. Mwini wake wapempha kuti dzina lake lisatuluke, ndiye ndikuuika momwe waulembera. Tiyankhe mwaulemu, wonyoza ndimuchotsa pagulu.

"Moni nonse. Ndine bambo wapabanja, ndimakhala ku Nchalo, ndimagwira ntchito m'munda wa nzimbe. Mowa wandigwira. Ndikalandira malipiro, ndalama imathera kokachasu ndisanafike nayo pakhomo, yotsalayo imapita ku ngongole ya mwezi watha. Ndalumbirapo pamaso pa akazi anga, pamaso pa ankhoswe, ngakhale kutchalitchi, koma mwezi ukangotha ndimapezeka ndili pomwe paja. Masiku ano m'mawa manja amanjenjemera mpaka nditamwako pang'ono. Ndinamva kuti kwina anthu a vuto ngati langali amakumana okhaokha n'kumathandizana kusiya. Kodi kuno ku Chikwawa kapena ku Nsanje ziliko? Amalipiritsa zingati? Nanga munthu ukapitako, nkhani yako siimveka mudzi wonse?"

Anesi a ku Ngabu: Achimwene, mwachita bwino kulemba. Za misonkhano ayankha ena, ine ndaima pa mawu anu akuti manja amanjenjemera m'mawa mpaka mutamwako. Chimenecho ndi chizindikiro choti thupi lazolowera mowa, ndipo munthu wofika pamenepo asasiye mwadzidzidzi ali yekha kunyumba. Mowa umafooketsa ubongo, choncho ubongo wa munthu womwa tsiku ndi tsiku umazolowera kudzikoka mwamphamvu kuti ulimbane nawo. Mowawo ukachoka kamodzin'kamodzi, mphamvu ija imatsala yopanda choiletsa. Pakapita maola 6 mpaka 24 chimwereni komaliza, kumayamba kunjenjemera, thukuta, nseru, mtima kuthamanga ndi kusowa tulo. Ena amagwa khunyu m'masiku awiri oyambirira. Choopsa kwambiri chimakonda kubwera pa tsiku lachitatu kapena lachinayi: munthu amasokonezeka mutu, amabwebweta, amaona njoka kapena tizilombo pakhoma, thupi limatentha. Kumudzi timathamangira kunena kuti amulodza, n'kutaya masiku kwa asing'anga, pamene ameneyo akufunika chipatala tsiku lomwelo chifukwa akhoza kufa. Ndi kutentha kwathu kuno kwa mu Okutobala ndi Novembala, madzi m'thupi amathanso msanga.

Ndiye musanasankhe tsiku losiyira, pitani kuchipatala. Kwanuko kuli St Montfort, kapena kwerani basi mpaka pachipatala cha boma pa Chikwawa pomwe simulipira. Mukafunse a zamatenda a maganizo. Mukanene zoona, mumamwa chiyani, wochuluka bwanji, mumayamba nthawi yanji. Tikadziwa zoona timapereka diazepam wa masiku ochepa, mankhwala okhazika ubongo pansi, mlingo wake n'kumatsitsa pang'onopang'ono, pamodzi ndi vitamini B1 woteteza ubongo. Ngati muli pa ma ARV kapena pa mankhwala a TB mukanenenso, ndipo musawasiye.

Madala a ku Bangula: Mwana wanga wa ku Nchalo, zomwe anena anesizo uzigwire kaye. Tsono funso lako ndiliyankhe ine, chifukwa njira imeneyi ndadutsamo.

Ndinagwira ntchito ku Johannesburg zaka zambiri ndipo kumeneko ndi komwe mnzanga wina anandiperekeza ku msonkhano wa Alcoholics Anonymous, womwe ambiri amangoti AA. Gululi linayamba mu 1935 mumzinda wa Akron ku America. Analiyambitsa ndi zidakwa ziwiri, Bill Wilson ndi dokotala wina dzina lake Bob Smith. Onse awiri anali atayesa kusiya paokha n'kulephera. Anazindikira kuti chidakwa chikamalankhula ndi chidakwa chinzake mosabisa, onse awiri amatha tsikulo osamwa. Maziko ake ndi omwewo mpaka lero.

Msonkhano wake ulibe zodabwitsa. Anthu amakhala mozungulira pafupifupi ola limodzi. Wotsogolera ndi mmodzi wa iwo, naye chidakwa chimene chasiya. Aliyense amatchula dzina loyamba lokha n'kufotokoza momwe sabata yamuyendera, pomwe chilakolako chinamugwira, ndi momwe anachitira. Wina akamalankhula palibe womudula, palibenso womulalikira akamaliza. Ukafuna kungokhala chete umakhala chete. Ine ndinapita kangapo ndisanatsegule pakamwa. Sulipira kalikonse, sulemba dzina m'kaundula. Choyenereza kulowa ndi chimodzi, kufuna kusiya kumwa. Pamapeto amayendetsa kambale, amene ali nako kangachepe amaponya ka tiyi kapena ka malo, amene alibe amangodutsitsa.

Nditabwerera kumudzi ndinaona kuti ndikakhala ndekha ndigwa. Mwambo wa AA umanena kuti anthu awiri kapena atatu akakumana ndi cholinga chosiya mowa, limenelo ndi gulu kale, safunika chilolezo cha ofesi iliyonse. Ndiye ndinapeza anzanga awiri kuno ku Bangula ndipo timakumana sabata iliyonse. Ukhoza kubwera kudzaona momwe timachitira, koma kuchoka ku Nchalo sabata ndi sabata ndalama ya minibasi ikuthera. Chanzeru n'chakuti uyambe lako komweko. Ku Nchalo omwa ngati iwe ndi ambiri, ofuna kusiyanso alipo, angosowa woyamba kulankhula.

Wa kabaza pa Miseu Folo: Madala, mwati osalipira? Ine ndimaona ngati ndi za mabwana a ku Blantyre izi.

Madala a ku Bangula: Osalipira mwana wanga. Kumene ndinkapitako kunali maloya, kunalinso ife olima maluwa m'mayadi mwawo. Mpando unali umodzimodzi.

Aphunzitsi a pa Nsanje Boma: Ndiwonjezere za pa foni. Kuchoka kuno kukafika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 180, kukwera mapiri a pa Thabwa aja, ndiye msonkhano wa m'tauni kwa ife ndi wosatheka. Chiyambireni nthawi ya Covid-19 misonkhano ya AA yambiri ili pa Zoom, ndipo chifukwa maiko amasiyana nthawi, umapeza wina uli mkati ola lililonse, ngakhale pakati pa usiku pomwe chilakolako chimavuta kwambiri. Kamera ukhoza kuzimitsa, dzina ulemba loyamba lokha, umangomvetsera ndi zam'makutu. Ine zandithandiza. Zovuta zake ndi izi: yambiri ndi ya Chingerezi, imadya bandulo, ndipo magetsi akazima foni n'kuthima ndiye kuti watsala wekha. Komanso anthu ake amakamba za moyo wa kwawo. Palibe amene amadziwa kuti uchema ndi chiyani, kapena kuti kuno munthu ukathandiza kukumba manda kapena kufolera nyumba amakuthokoza ndi botolo. Kwa achimwene a ku Nchalo ndingati ya pa foni ikhale yongothandizira, koma yeniyeni ikhale ya maso ndi maso, m'Chichewa kapena m'Chisena chomwe munthu amaliramo.

Akulu a mpingo a pa Dyeratu: Abale ndawerenga zonse. Mtima wanga ukumuwawira m'bale wathuyu, koma ndinene zomwe ndimakhulupirira. Uchidakwa ndi goli la mdyerekezi ndipo wothyola goli ndi Yesu yekha. Akhungu okhaokha akakhala pansi n'kumauzana za khungu lawo, adzatsogolerana kuti? Ine ndaona ndi maso anga anthu akumasulidwa pa pemphero limodzi, mpaka lero ndi madikoni. M'baleyu abwere timupempherere.

Mlongo wa ku Bereu: Akulu a mpingo, mwini wake wanena kale kuti analumbira kutchalitchi. Achimwene anga anawapempherera katatu konse, ulendo uliwonse ankatha mwezi ali bwinobwino. Akagwa ankachita manyazi kubwerera kutchalitchi chifukwa anali ataperekera umboni pamaso pa mpingo wonse, ndiye ankamwa kuposa kale. Tinawaika m'manda chiwindi chitatupa. Pemphero sindikulikana ayi, koma Lachitatu madzulo pomwe anzawo ankawaitana ku shabini panalibe woti amuimbire foni.

Madala a ku Bangula: Pepani mlongo wanga ndi imfa ya achimwene anu. Akulu a mpingo, ine ndine Mkatolika, ndimapita ku mphakati, ndipo mmodzi mwa anzanga awiri aja ndi Msilamu. AA si mpingo, salimbananso ndi mpingo. Gululi lili ndi masitepe 12 omwe munthu amatsata posiya mowa, ndipo m'menemo muli kuvomera kuti mowa watiposa mphamvu, kudzipereka kwa Mulungu monga momwe aliyense amamudziwira, kudzifufuza, kupepesa ndi kubweza kwa amene tinawalakwira, kenako kuthandiza chidakwa china. Simukuona kuti zambiri mwa izi mumalalikira kale? Chimene gulu limawonjezera ndi chija chanenedwa ndi mlongo wathuyu. Aliyense amakhala ndi mnzake amene anasiya kalekale, timamutcha sponsor, woti umuimbire usanagule botolo, ngakhale usiku. Ndipo munthu akagwa, sabata yotsatira mpando wake amaupeza uli pomwepo, palibe womudula kapena kumuimika pabwalo. Amene anamasulidwa tsiku limodzi tithokoze nawo Mulungu. Enafe zimatitengera kudzuka m'mawa uliwonse n'kunena kuti lero lokha sindimwa, za mawa tidzaziona mawa.

Chomwe mungatithandize kwambiri inu a mipingo ndi chipinda. Kunja kuja misonkhano yambiri imachitikira m'zipinda za matchalitchi mkati mwa sabata.

Akulu a mpingo a pa Dyeratu: Chipinda cha Sande sukulu chimakhala chotseka Lolemba mpaka Lachisanu. Ndikhoza kukamba ndi abusa. Koma ndizikhala nawo kuti nditsegule ndi Mawu.

Madala a ku Bangula: Zikomo bambo, koma apo ndipemphe kuti mutimvetse. Misonkhano ilipo ya mitundu iwiri. Wotseguka amabwera aliyense, akazi athu, abusa, anesi, amfumu. Wotseka ndi wa okhawo amene ali ndi vuto la mowa. Inu mukakhalapo, munthu sanganene kuti anagulitsa mbuzi ya apongozi ake n'kunamizira fisi. Azingoti zonse zili bwino mwa chisomo. Mutipatse kiyi, ndipo kamodzi pamwezi tizikuitanani ku wotseguka.

Akulu a mpingo a pa Dyeratu: Ndamva. Sindinakhutire kwenikweni, koma ndikafotokoza kwa abusa momwe mwaneneramu.

Mayi a ku Makhanga: Ine vuto ndi la bambo a kunyumba. Kale ankangomwa masese pa zochitika. Chibwerereni madzi a Freddy mu Malichi 2023, omwe anatikokolera munda, mbuzi ndi nyumba, munthu uja anasintha. Ku kampu kunalibe chochita, amuna ankangokhala m'magulu kuyambira m'mawa, ndipo kachasu sankasowa. Tinabwerako koma iwo mpaka lero sanabwerere m'maganizo. Ufa wa chithandizo ndimachita kubisa kwa amayi anga. Akapita ku usodzi, nsomba zimathera padooko. Funso langa, kodi ndingawagwire dzanja n'kuwabweretsa ku msonkhano wanuwo? Ndipo ife a tsidya lino, mvula ikayamba kuwoloka pa bwato kupita ku Bangula n'kuika moyo pachiswe.

Madala a ku Bangula: Mayi, kuwauza kuti kuli malo otere auzeni, pa nthawi yomwe sanamwe, mosakalipa. Kuwakoka ayi, wobwera mokakamizidwa amangokhala kudikira kuti ola lithe. Chimene chimagwira ntchito kawirikawiri n'chakuti mmodzi wa ife apite akacheze nawo ngati mwamuna mnzawo, osawalangiza, kungowafotokozera za moyo wake. Ndikhoza kuwoloka madzi asanakwere. Komanso inuyo mukufunika anzanu. Mu 1951 akazi a zidakwa, mmodzi wa iwo Lois, mkazi wa Bill Wilson uja, anayambitsa gulu la achibale lotchedwa Al-Anon. Phunziro lawo lalikulu ndi lakuti simunayambitse ndinu, simungawaletse ndi mphamvu zanu, simungawachiritsenso. Kuwalipirira ngongole za mowa ndi kuwanamira kwa abale kumangotalikitsa matendawo. Amayi atatu a vuto limodzi mukhoza kumakumana komweko ku Makhanga.

Anesi a ku Ngabu: Ndiwonjezere kwa amayi a ku Makhanga. Anthu ambiri amene anaona zoopsa pa madzi osefukira amamwa pofuna kugona ndi kuiwala. Ngati bambowo amadzidzimuka usiku, amalota madzi, kapena amalankhula zofuna kudzipha, pamafunikanso a zamatenda a maganizo, gulu lokha silikwanira. Tsidya lanulo chipatala cha Trinity ku Fatima chili pafupi. Ndipo ngati akumenyani kapena kumenya ana, musadikire kuti ayambe asiya mowa, pitani ku Victim Support Unit kupolisi. Kwa amene zavuta kwambiri, chipatala cha boma chimatumiza ku Queens kapena ku Zomba Mental, ndipo a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe ali ndi ndondomeko yogoneka anthu a vuto la mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Koma ngakhale wochokera kumeneko amabwerera kumudzi komwe shabini ili pomwe anaisiya, ndiye gulu la pafupi limafunikabe.

Mayi a kwa Tengani: Ine ndilankhule ngakhale mundida. Ndimatcheza kachasu. Amuna anga anamwalira, thonje silikupindulanso ngati kale, ana awiri ali ku sekondale ndipo fizi imachokera mumphika womwewo. Sindikunyadira ayi. Koma munthu akabwera n'kundiuza kuti mayi ndasiya, ndikabweranso musandipatse, ine ndimasunga mawuwo. Alipo amene ndawabweza, ena ndi ndalama m'manja. Ndiye bambo a ku Nchalo, pitani kwa amene amakukongozaniyo, mugwirizane kabwezedwe ka ngongole, ndipo ndalamayo azikapereka ndi akazi anu, inuyo musapondekonso.

Mnyamata wa ku Sorgin: Inu ndi amene mukupha anthu, lero mukudzapereka malangizo?

Admin: Achimwene a ku Sorgin, ndinachenjeza. Mayiwa alankhula mwaulemu ndipo anena chothandiza.

Aphunzitsi a pa Nsanje Boma: Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, koma lero timabotolo totchipa tadzaza m'magolosale, anyamata a sukulu akugula. Mayi a kwa Tengani atasiya lero, womwa apeza kwina. Za malamulo tidzakambe tsiku lina, lero tithandize munthuyu.

Admin: Uthenga wina wa ku inbox, uwu ndi wa mayi. "Nonse mukukamba ngati omwa ndi amuna okha. Ine ndimagulitsa pamsika, ndimamwa mobisa m'nyumba, ana akagona. Mwamuna akaledzera anthu amaseka, mkazi akaledzera amamutcha hule. Sindingakhale pabwalo limodzi ndi azibambo a m'dera langa n'kuulula zimenezi. Ndipite kuti?"

Madala a ku Bangula: Mwana wanga, wachita bwino kutikumbutsa. Misonkhano ya amayi okhaokha iliko ndipo ndi yololedwa. Mwambo wathunso ndi wakuti sponsor wa mkazi akhale mkazi. Ukapeza mayi mmodzi yekha wa vuto ngati lako, mwakwana kuyamba.

Anesi a ku Ngabu: Asisi, ndilembereni kudzera kwa Admin. Ndikudziwa amayi ena amene angakonde kumva kuti sali okha, koma ndiyambe ndawafunsa ngati alola. Ngati muli oyembekezera kapena mukuyamwitsa mundiuzenso, chifukwa mowa umafika kwa mwana.

Wa kabaza pa Miseu Folo: Funso lachitatu la mwini nkhani silinayankhidwe bwino. Kuno tonse timadziwana. Anthu akangoona amuna anayi odziwika ndi mowa akulowa m'chipinda chimodzi Lachinayi lililonse, mawa lake nkhani ili pa siteji yonse.

Madala a ku Bangula: Funso limenelo ndi lalikulu ndipo sindikunamizani kuti chinsinsi cha kumudzi chingafanane ndi cha mumzinda. Kuti mukukumana adzadziwa basi. Komabe taganiza mwana wanga, pomwe unkagona m'ngalande pamsika anthu omwewo ankakuona. Chimene tiyenera kuteteza ndi zolankhulidwa mkatimo. Ife timayamba msonkhano uliwonse ndi kukumbutsana kuti amene wamuona pano ndi zimene wamva pano zitsale pano, ngakhale kwa mkazi wako usakanene za mnzako. Sitijambula zithunzi, sitilemba maina, ndipo nkhani za munthu sitiziika pa WhatsApp chifukwa foni imabwerekedwa ndiponso uthenga umatumizidwa kwina. Pa foni timangokumbutsana nthawi. Wina akaulula za mnzake timakhala naye pansi, chifukwa kamodzi kokha kakhoza kupha gulu lonse.

Malo akhale oti anthu amalowa ndi kutuluka pa zifukwa zambiri, monga kalasi ya sukulu ana ataweruka kapena chipinda cha tchalitchi, kutali ndi malo omwera. Nthawi ikhale yomwe unkayamba kumwa, kwa ambiri ndi madzulo dzuwa likapepa. Kwa inu a ku nzimbe, ngakhale mutakhala ndi tsiku lanu la sabata, muzikumananso dzulo lake la malipiro ndi tsiku lenilenilo. A thonje chimodzimodzi pa nyengo yogulitsa. Botolo loyamba lili ngati kuviika phazi padooko la ng'ona, sungati ndingoyesa pang'ono. Tsono pa tsiku la ndalama musayende nokha, musinthe njira yobwerera kunyumba, ndipo ndalama ikangolowa tumizani pa Airtel Money kapena Mpamba ya akazi anu musanachoke pamalo.

Wa kabaza pa Miseu Folo: Nanga pamaliro kapena paukwati akakupatsa chikho, umati chiyani? Kukana kumaoneka ngati mwano.

Madala a ku Bangula: Umati zikomo, ndinasiya, ndipatseni thobwa. Miyezi yoyamba amakuseka, ena amakwiya chifukwa kusiya kwako kukuwakumbutsa zawo. Ukaona kuti zikukulira, gwira ntchito yako pamaliropo n'kunyamuka msanga. Ndipo thobwa likhale la tsiku lomwelo, losasasa.

Admin: Mwini nkhani wayankha. "Takhuta, zikomo nonse. Ndawerenga kawiri, kenako ndinawapatsa akazi anga kuti awerenge okha. Tagwirizana kuti Lolemba andiperekeza kuchipatala monga anenera anesi, ndipo ndikanena zonse. Madala a ku Bangula, ndikupempha nambala yanu. Ndikufuna ndibwere kamodzi ndidzaone msonkhano wanu ndisanayambe kuno. Mantha ndili nawo, makamaka a masiku oyambawo." Ndinenenso kuti anthu ena awiri a ku Nchalo ndi mmodzi wa pa Dyeratu alemba ku inbox kuti akufuna kukhala nawo. Manambala ndilumikiza kuseri, pagulu pano musaike nambala ya munthu.

Anesi a ku Ngabu: Admin, atatu enawo muwauzenso za kuchipatala asanasiye, makamaka ngati amanjenjemera m'mawa kapena anagwapo khunyu. Achimwene a ku Nchalo, kufikira Lolembalo musadule mowa kamodzin'kamodzi, ingochepetsani, muzidya ndi kumwa madzi ambiri. Mukaona zachilendo musadikire Lolemba.

Wa kabaza pa Miseu Folo: Tsiku lomwe madala azidzabwera ku Nchalo kudzathandiza msonkhano woyamba, akatsika basi ndidzawanyamula ine ulere. Mwina ndidzakhala nawo kumbuyo ndizingomvera.

Mayi a ku Makhanga: Madala, ndawauza bambo aja m'mawa uno. Sanayankhe, koma sanakalipe. Mukamawoloka mudzere kwa Admin andidziwitse tsiku, ndidzawauze kuti kukubwera mlendo wa ku Bangula. Za gulu la amayi ndayamba kale kukamba ndi alamu anga, nawonso ali m'mavuto omwewa.